Imfa ikabwera mwankhanza: mafunso anu, mayankho athu

Mwezi uno tasankha makalata a anthu amene abale awo anachita kuphedwa kapena anadzipha, komanso a anansi amene akufuna kuthandiza koma akusowa poyambira. Akuyankha ndi anamwino a matenda a maganizo pamodzi ndi alangizi a anthu oferedwa. Makalatawa tawafupikitsa ndipo mayina tachotsa.

Kodi mutu wanga wasokonekera?

*Achimwene anga anaphedwa ndi achifwamba masabata atatu apitawo, ndipo ndine amene ndinapita kukazindikira thupi. Chichokereni kumeneko, ndikangotseka maso ndikuona nkhope yawo mmene inalili tsiku lija. Tulo sitikubwera, chitseko chikamenyetseka ndikudzidzimuka, ndipo chikundiopsa kwambiri n'chakuti misozi sikutuluka. Kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? Ndine mlongo wa malemu.*

Pepani kwambiri achemwali. Mutu wanu uli bwinobwino. Zonse mwatchulazi zimachitikira anthu ambiri amene aona zimene munaonazo.

Munthu akamwalira atadwala nthawi yaitali, chisoni chimapeza mtima utakonzekako. Imfa yochita kuphedwa imabwera ndi mantha ndi chisoni nthawi imodzi, ndipo amene amayamba kulowa ndi mantha. Thupi limakhala ngati chiwembucho chikadali pakhomo: mtima umathamanga, minofu imakungika, khutu limatola kaphokoso kalikonse. Thupi lotere silingagone, kuliranso kumakanika. Ambiri amati mtima wachita dzanzi. Kusalira sikutanthauza kuti simunkawakonda achimwene anu. Misozi idzabwera mantha akayamba kuphwa, mwina patapita miyezi, mwina pa kanthu kakang'ono ngati kupeza malaya awo pakati pa zochapa.

Nkhope ikubwerayo ili ndi chifukwa chake. Zimene munthu waona ali ndi mantha aakulu, ubongo suzisunga ngati nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera. Umasunga zidutswa: fungo la m'chipinda chija, kuzizira kwake, mtundu wa nsalu imene anafunditsa thupi. Chofanana nacho chikangopezeka, chidutswa chija chimatumphuka ngati zikuchitika panopa.

Chithunzicho chikabwera musatseke maso, chifukwa mumdima chimakula. Pondani pansi mwamphamvu ndi mapazi onse awiri, nenani mokweza tsiku la lero ndi malo amene muli, kenako tchulani zinthu 5 zimene mukuziona, 4 zimene mukuzikhudza ndi 3 zimene mukuzimva m'khutu. Zikuoneka zachibwana, koma zimabweza maganizo pamene mwakhalapo. Mukatero pumani: dzanja limodzi pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 3, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3 kapena 4. Mimba ndiyo izikwera, osati mapewa. Apa ambiri amalakwitsa, amakoka mpweya wambiri mofulumira, mapeto ake chizungulire ndi dzanzi m'zala, mantha n'kuwonjezeka. Yesererani kwa mphindi 5, kawiri pa tsiku, pa nthawi imene mtima uli m'malo, kuti mantha akamabwera thupi likhale litazolowera kale.

Pezaninso chithunzi cha achimwene anu ali moyo, makamaka akuseka, muchiike pamene muzichiona pogona ndi podzuka. Dokotala wina wa ku America, Edward Rynearson, amene wagwira ntchito zaka zambiri ndi mabanja a anthu ofa mwankhanza, anaona kuti nkhani ya mmene munthu anafera imaphimba nkhani ya mmene anakhalira. Mphindi zochepa za kumapeto zimameza zaka zonse. Inu ndi abale anu bwezani zaka zija. Kumbutsanani mawu amene ankakonda kunena, kayendedwe kawo, zimene munkakanganirana muli ana.

Za tulo, dzukani nthawi yofanana tsiku lililonse ngakhale usiku unali woipa, ndipo masabata ano musagone nokha m'nyumba. Mukagubuduka kwa theka la ola tulo osabwera, dzukani mukhale penapake powala pang'ono mpaka maso alemere. Mowa ayi. Umagwetsa munthu msanga, koma umadula tulo pakati pa usiku ndipo maloto amaipiraipira. Mapiritsi ogonetsa a gulu la diazepam nawonso musapemphe kwa anzanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2013 kuti mankhwala amenewa asamaperekedwe pothetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu akakumana ndi zoopsa. Sapoletsa bala la mumtimalo, ndipo thupi limawazolowera m'masabata ochepa.

Ambiri amayamba kupezako bwino m'masabata oyambirira popanda mankhwala. N'chifukwa chake madokotala satchula vuto la PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa, mwezi usanathe. Koma mwezi ukadutsa zithunzi zikubwerabe, mukuzembabe msewu kapena anthu okukumbutsani, mukudzidzimukabe, ndipo ntchito kapena kusamala ana kukukanika, pitani kuchipatala mukanene mosabisa zimene zinachitika, mupemphe katswiri wa za maganizo. Chithandizo chodalirika ndi kukambirana kolunjika pa zoopsazo, monga CBT (kuphunzira kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) kapena EMDR (kukumbukira zoopsazo mukuyendetsa maso motsogoleredwa ndi katswiri), kawirikawiri maulendo 8 mpaka 12.

Anthu abalalika, mnzathu watsala yekha

*Ndine wapampando wa gulu la amayi m'dera lathu. Mwamuna wa mnzathu anabayidwa ndi mpeni pa mkangano. Pa maliro tinadzaza pakhomo, koma papita masabata awiri ndipo aliyense wabwerera ku zake. Ena akuti timusiye apume, ena akuti tipite tonse tikamuuze afotokoze zonse kuti mtima upepuke. Tichite ziti?*

Zonse ziwirizi zisiyeni, mayi. Kumusiya yekha ndi kumutaya pa nthawi yowawitsitsa, chifukwa pa maliro munthu amakhala atachita dzanzi, ululu weniweni umayamba pakhomo pakachita zii. Kumuunjirira kuti afotokoze nakonso n'koopsa. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinali zofala kusonkhanitsa anthu opulumuka pa zoopsa n'kuwauza afotokoze zonse pa ulendo umodzi. Atafufuza bwino anapeza kuti njirayi siiteteza, ndipo ena imawawonjezera vuto. Lero WHO siilimbikitsa. Chimene inatulutsa mu 2011 pamodzi ndi mabungwe ena ndi thandizo loyamba la maganizo, loti munthu wamba aliyense akhoza kupereka, ndipo lagona pa mawu atatu: yang'anani, mvetserani, lumikizani. Akafuna kulankhula mumvetsere. Akapanda kufuna, khalani naye chete mukugwira kantchito.

Chimene gulu lanu lingachite bwino kuposa munthu mmodzi ndi kusinthana. Sankhani mayi mmodzi wogwira kabuku, ndi ena 6 kapena 8 odalirika. Azipita awiriawiri, osati chigulu, ndipo azikhala theka la ola mpaka ola limodzi, pokhapokha mwiniwake atawakaniza kuchoka. Mwezi woyamba pasadutse tsiku osafika munthu. Kufikira miyezi itatu, kawiri kapena katatu pa sabata. Kuchokera apo kamodzi pa sabata mpaka chaka chithe. M'kabukumo lembaninso masiku olemera: tsiku lobadwa la malemu, tsiku la ukwati wawo, masiku a kukhoti, ndi tsiku lokwana chaka. Mufunseni nthawi imene imamuvuta kwambiri. Ambiri amatchula madzulo, ola limene bambo ankafika pakhomo. Ola limenelo ndilo lofunika munthu, osati m'mawa pamene inu muli ndi mpata.

Mawu oti "mukafuna chilichonse mutiuze" ndi abwino m'khutu koma sathandiza. Munthu wosweka mtima alibe mphamvu yoganiza chimene akufuna, ndiponso amachita manyazi kupempha. Nenani chinthu chenicheni: "Lachitatu ndibwera kudzachapa," "mawa ana ndiwaperekeza ine kusukulu." Pali mapepala ambiri amene amatsatira imfa yotere: chikalata cha imfa, lipoti la apolisi, za kubanki, za kuntchito kwa malemu. Pakhale munthu mmodzi wodekha womuperekeza ndi kulemba zimene akuuzidwa, chifukwa iye sazikumbukira. Ngati imfayo inachitikira pakhomo, kukonza malowo si ntchito yake, ndipo dikirani apolisi alole kaye. Zovala zimene malemu anavala tsikulo zikabwezedwa, musamupatse mwadzidzidzi ndipo musataye mwamseri. Zisungeni zokulunga, mumuuze kuti zilipo, asankhe yekha nthawi yake. Onaninso loko wa chitseko ndi nyale ya panja. Mtima sungakhazikike munthu akuopa kuti zija zibweranso.

Pakamwa ndi pamene anthu abwino amapwetekera anzawo. "Limbani mtima" amamveka ngati lamulo loti asiye kulira. "Akanapanda kupita kumeneko" ndi kuimba mlandu malemu pamaso pa mkazi wake. "Mukadali wamng'ono, mudzakwatiwanso" musayerekeze n'komwe. Ngakhale mawu a chikhulupiriro, dikirani ayambe yekha. Pali nthawi imene woferedwa amakwiyira Mulungu, ndipo akufunika munthu woti amve zimenezo osadzidzimuka. Mafunso oti "anawabaya pati?" kapena "analankhula chiyani pomaliza?" amakhutiritsa wofunsayo, osati wolira. Chimene pafupifupi aliyense amalakalaka ndi kumva dzina la malemu likutchulidwa, ndi kankhani kabwino ka iwo kamene sankakadziwa.

Chinanso, ndipo ichi tikuchinena mwamphamvu: ngati zithunzi za thupi zikuyenda pa WhatsApp kapena Facebook, gulu lanu lilowererepo lero. Pemphani otumizawo afufute, nenezani zithunzizo kwa eni masambawo, ndipo wina wapafupi aziyamba waona foni ya mnzanuyo ngati iye walola. Imfa yankhanza imabweranso ndi manong'onong'o, mpaka ena amayamba kulambalala nyumbayo. Gwirizanani ndi mnzanuyo mawu achidule oyankha ofunsa, monga "nkhani ili m'manja mwa apolisi, banja likuthokoza chifukwa cha chikondi chanu," ndipo nonse muziyankha chimodzimodzi.

Tinamunamiza mwana

*Mwana wanga wamkazi anadzipha miyezi iwiri yapitayo, wasiya mwana wa zaka 6. Tinamuuza kuti amayi ake apita kutali kukagwira ntchito. Tsopano madzulo alionse amakhala pakhomo kudikira, ndipo wayambanso kukodza pogona. Ndine agogo ake.*

Agogo, munachita zimenezo chifukwa cha chikondi, koma muuzeni zoona sabata yomwe ino. Adzamva ndithu, ndipo nthawi zambiri amamvera kwa anzake pamasewera, m'mawu oipa. Zikatero amataya ziwiri: mayi ake, ndi chikhulupiriro mwa akuluakulu amene atsala.

Sankhani masana, osati nthawi yogona. Mukhale inu ndi munthu mmodzi amene mwanayo amamukonda, mukhale naye pansi maso ndi maso. Yambani ndi kufunsa zimene wamva. Kenako nenani mwachidule: "Tinakuuza kuti amayi apita kutali. Sizinali zoona, tinkaopa kukupweteka. Amayi anamwalira. Thupi lawo linasiya kugwira ntchito, sakupuma, sakumva kupweteka, ndipo sabweranso." Mawu oti "agona" apeweni, chifukwa mwana amayamba kuopa tulo. "Atisiya" amamveka ngati anachita kumuthawa. Akafunsa kuti anamwalira bwanji, mukhoza kunena kuti: "Amayi ankadwala kwambiri m'maganizo. Matendawo anawasokoneza mpaka anadzivulaza okha n'kumwalira." Njira imene anagwiritsa ntchito si yofotokozera mwana wa msinkhu uwu. Yankhani chimene wafunsa basi, zina adzafunsa akamakula.

Mawu awiri awa muwabwereze masiku ambiri: "si chifukwa cha iwe," ndi "amene azikusamala ndi ine ndi uje." Ana a msinkhu umenewu amakhulupirira kuti kusamvera kwawo kapena mawu amene ananena atakwiya ndi amene anapha. Samvetsanso bwino kuti imfa sibwerera, choncho mawa akhoza kufunsa kuti amayi abwera liti. Yankhani chimodzimodzi, osapsa mtima. Akalira pang'ono n'kuthamangira kukasewera, musamuone ngati wouma mtima, ana amalira moduladula.

Kukodza pogona musamumenyere kapena kumuseka. Yalani pulasitiki pansi pa chofunda, akodze asanagone, ndipo nkhani ithere pomwepo. Kusukulu apitirize, aphunzitsi ake auzidwe. Mukaona kuti patapita mwezi umodzi kapena iwiri masewera ake ndi a imfa okhaokha mobwerezabwereza, wasiya kulankhula, kapena akunena zofuna kufa kuti akaone amayi, pitani naye kuchipatala. Ndipo inunso, agogo, mwataya mwana. Funso loti "ndinalephera pati" limazunza pafupifupi aliyense amene m'bale wake anadzipha. Pezani munthu wanu wolira naye mwanayo akagona.

Bambo akunena zobwezera

*Mwana wathu wamwamuna anaphedwa miyezi isanu yapitayo. Amene akuganiziridwa watuluka pa belo ndipo timakumana naye mumsewu. Amuna anga salira, salankhula, akungomwa, ndipo akaledzera amati adzathana naye okha. Ndikuopa kutaya awiri.*

Mantha anuwo ndi omveka, mayi, ndipo musawasunge nokha. Maganizo obwezera amabwera kwa anthu ambiri amene mwana wawo waphedwa, ngakhale ofatsa, ndipo ambiri sachita kanthu. Choyenera kusiyanitsa ndi maganizo ndi dongosolo. Ngati bambo apeza chida, akulondola mayendedwe a munthuyo, akutchula tsiku kapena akusonkhanitsa anzawo, ndiye kuti zafika poopsa. Mowa ndi umene umachotsa mabuleki. Chotsani m'nyumba chida chilichonse chimene angatenge atapsa mtima, ndipo uzani amuna awiri amene iwo amawalemekeza, mwina mchimwene wawo kapena mnzawo wakale. Amuna ambiri salankhula mukawakhazika pansi n'kuwayang'ana m'maso. Amatsegula pakamwa akuyenda, kapena manja ali pa ntchito. Anzawowo aziwatenga madzulo, nthawi imene amayamba kumwa. Mawu amene amagwira mtima si oti "khululukani," koma oti "ukamangidwa, mlandu wa mwana wako aziutsatira ndani, nanga mkazi wako atsala ndi yani?" Kukhululuka kokakamiza kumangowonjezera mkwiyo.

Mkwiyowo upatseni ntchito. Belo si kumasulidwa, mlandu ukadalipo, ndipo ngati munthuyo akukuopsezani kapena kusokoneza mboni, kaneneni kwa apolisi nthawi yomweyo. Bambo akhale ndi kabuku kolemba nambala ya mlandu, dzina la wapolisi wofufuza, ndi tsiku lililonse la kukhoti. Konzekerani kuti milandu yakupha imachedwa ndipo imaimitsidwa kangapo, ndipo tsiku lililonse la kukhoti limatukula bala. Musapite nokha. Pemphani woimira boma pamlanduwo akuchenjezeni tsiku lowerenga lipoti la dokotala kapena loonetsa zithunzi, mukhale pafupi ndi khomo kuti muthe kutuluka. Tsiku lotsatira musaike ntchito yolemera. Dziwaninso kuti chigamulo, ngakhale chitakomera inu, sichichotsa chisoni. Mabanja ambiri amagwa mphwayi mlandu ukatha, chifukwa chimene chinkawaimiritsa chatha koma mpando wa mwana ukadali wopanda munthu. Abale adzafunike kwambiri sabata imeneyo.

Zaka ziwiri zadutsa

*Mng'ono wanga anafa pa chiwembu zaka ziwiri zapitazo. Mpaka lero amayi satuluka m'nyumba, chipinda chake salola munthu kulowamo, ndipo masiku ano akumanena kuti "bola ndimutsatire." Ena akuti akanayenera kuvomereza pofika pano.*

Tiyambe ndi mawu omalizawo, chifukwa sangadikire. Afunseni amayi mosazungulira: "Amayi, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikubzala maganizowo, ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Akavomera, funsani ngati aganizira njira ndi nthawi. Chotsani m'nyumba mankhwala ophera tizilombo, mapiritsi ambiri, zingwe ndi mfuti ngati ilipo. Ngati njira aiganizira, asakhale okha ngakhale ola limodzi, ndipo mupite nawo kuchipatala lero. Musalonjeze kusunga chinsinsi pa nkhani imeneyi.

Za "kuvomereza": nkhani yotchuka yoti chisoni chili ndi masitepe asanu inachokera kwa odwala amene ankayembekezera imfa yawo, ndipo si makwerero oti woferedwa aliyense akwere. Chisoni chabwinobwino chimapita uku ndi uku, lero kulira, mawa kugwira ntchito, mkuja kuliranso. Chodetsa nkhawa kwa amayi anu si kulira patatha zaka ziwiri, koma kuti moyo unaima pamalo amodzi. Vutoli madokotala amalidziwa. Mndandanda wa matenda wa WHO umalitchula chisoni chotere chikapitirira miyezi 6, pamene madokotala a maganizo a ku America, kuyambira 2022, amawerengera miyezi 12 kwa akuluakulu. Limagwira kwambiri makolo ndi anthu oferedwa mwankhanza. Chithandizo chake chilipo. Njira imene anakonza Katherine Shear ndi anzake ku America imatenga maulendo 16. Mapiritsi a matenda okhumudwa amathandiza ngati matendawo aliponso, koma paokha sachotsa chisoni chotere.

Chipindacho musachikhudze mwamseri. Pemphani kulowamo nawo limodzi, mukhale mphindi 10, mukambe za mng'ono wanuyo. Kutuluka panja kuyambenso pang'ono: pakhonde lero, kumapeto kwa msewu sabata yamawa, nthawi yofanana, ndi munthu yemweyo.

Tikufuna kuyambitsa gulu

*M'dera lathu muli mabanja angapo amene anataya abale pa ziwawa ndi zauchifwamba. Ine ndi anzanga tikufuna kuyambitsa gulu loti azikumana. Si ife madokotala. Kodi n'zotheka, nanga tiyambe bwanji? Ndine mphunzitsi wopuma.*

N'zotheka, aphunzitsi, ndipo magulu ambiri odziwika anayamba ndi anthu wamba. The Compassionate Friends inayambira ku Coventry, ku England, mu 1969, makolo oferedwa ana atazindikira kuti amamvana okhaokha kuposa mmene wina aliyense angawamvere. Parents of Murdered Children inayamba mu 1978 ku Cincinnati, ku America, ndi makolo amene mwana wawo wamkazi anaphedwa. Ku Rwanda, kuyambira 2005, magulu a anthu 10 mpaka 15 akhala akukumana kwa masabata 15 motsogoleredwa ndi anthu awiri a m'dera lomwelo ophunzitsidwa, ndipo gawo loyamba si kufotokoza za chiwembu chopha anthu ambirimbiri cha 1994 ayi, koma kumanga chitetezo ndi kukhulupirirana. Dongosolo limenelo, chitetezo patsogolo nkhani pambuyo, ndilo mutengere.

Ife tingakulangizeni anthu 6 mpaka 10, otsogolera awiri, mphindi 90, kamodzi pa sabata, tsiku ndi malo osasintha, kwa masabata 10 kapena 12. Otsogolera akhale awiri chifukwa wina akatuluka akulira, mmodzi amamutsatira, winayo n'kutsala ndi gulu. Mukayamba, atsopano adikire ulendo wina, chifukwa nkhope yatsopano iliyonse imabweza anthu pachiyambi. Malo akhale otsekeka, osamveka panja, mipando yozungulira, khomo loonekera kwa aliyense. Musanayambe, chezani ndi munthu aliyense payekha. Amene waferedwa masabata ochepa apitawo adikire miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa nkhani za ena zimamulemera asanathe kusenza yake. Amene akuganiza zodzipha, akumva mawu osaoneka owalankhula, kapena amabwera ataledzera, ayambe kuchipatala. Wotsogolera amene nayenso anaferedwa, pakhale patadutsa zaka ngati ziwiri.

Malamulo agwirizanidwe tsiku loyamba ndipo aziwerengedwa nthawi zonse: zakambidwa muno zithere muno, kupatula moyo wa munthu ukakhala pangozi, aliyense ali ndi ufulu wokhala chete, mafoni azimitsidwe, palibe kufotokoza mabala ndi magazi mwatsatanetsatane. Lamulo lomalizali ndi limene limasiyanitsa gulu lothandiza ndi lovulaza. Munthu mmodzi akafotokoza zonse, anthu 9 amapita kwawo ndi chithunzi chatsopano chowasowetsa tulo. Wina akayamba kulowera kumeneko, muimitseni mwaulemu: "Bambo, tamva kuti zinali zoopsa kwambiri. Tiuzeni mmene usiku wa dzulo unalili kwa inu." Zatsatanetsatanezo zili ndi malo ake, kwa katswiri, munthu payekha.

Mphindi 15 zoyambirira aliyense anene mmene sabata yayendera. Ola lapakati likhale ndi mutu umodzi: tulo, mkwiyo, kudziimba mlandu, ana, khoti, masiku okumbukira, kapena tsiku lobweretsa chithunzi cha malemu n'kufotokoza kuti anali munthu wotani. Mphindi 15 zomaliza musazidye ngakhale nkhani itakoma. Ndi zopumira limodzi pang'onopang'ono, aliyense n'kunena chimene akachite akafika kunyumba ndi amene akamupeze. Munthu asatuluke bala lili lotsegula.

Magulu amagwa pa zinthu zodziwika. Kupikisana chisoni, "inu bola, wanu anali wamkulu," kuduleni pomwepo. Munthu mmodzi kutenga nthawi yonse, chitani kupereka mphindi. Gulu kusanduka ulaliki, ndale kapena kubwereketsana ndalama: zimenezo zili ndi malo ake, koma zikalowa muno olira amasiya kubwera. Pamene ziwawa zinali za anthu odziwana, musaike abale a wophedwa ndi abale a woganiziridwa m'gulu limodzi popanda otsogolera ophunzitsidwa bwino za ntchito imeneyo. Abale a anthu odzipha nawo nthawi zambiri amamasuka akakhala paokha, chifukwa mkwiyo umene ena amalozera wakupha, iwo alibe poulozera.

Musanaitane munthu woyamba, pitani kuchipatala chapafupi mukadziwane ndi namwino kapena dokotala woona za maganizo, mutenge nambala yake, mugwirizane mmene muzitumizira anthu. Funsaninso za maphunziro a thandizo loyamba la maganizo, kapena a njira ya WHO yotchedwa Problem Management Plus, imene inakonzedwa kuti anthu osakhala madokotala azithandiza anzawo pa maulendo 5 a mphindi 90. Otsogolera awirinu muzitsala mphindi 20 gulu likabalalika, mukambirane amene wakudetsani nkhawa ndi amene amuyendere mkati mwa sabata. Mmodzi wa inu akayamba kulota nkhani za m'gulu, kupsa mtima kunyumba kapena kuopa tsiku la msonkhano, apume masabata angapo ndipo akaonane ndi namwino uja. N'chifukwa chake ndi bwino kuphunzitsa munthu wachitatu kuyambira pachiyambi, woti alowe m'malo.